Kuzimitsa Kuli pa Tsamba 71

Mayi Nthunzi anayamba ntchito m'chipinda chochapira cha chipatala chachikulu Lolemba pa 3 Malichi 1986, ali ndi zaka 29, zala khumi ndi makutu awiri akumva bwino. Dzina lawo lenileni linatsalira m'faelo kwa a kalaliki. La Nthunzi analipeza pantchito, chifukwa munthu ukatsika masitepe opita kochapirako unkayamba waona nthunzi yokhayokha, kenaka mkono wawo ukutulukira mu nthunzimo kukulozera poti uime.

Chipindacho chinali kunsi kwa khitchini ndipo chinalibe zenera. Munali makina ochapa atatu, owumitsa awiri ndi chigudumu chositira, chichitsulo chachitali chotentha chimene chimameza nsalu ya pabedi kutsogolo n'kuilavula kumbuyo itasalala. Zonsezi zikalirira pamodzi sunkamva ngakhale kutsokomola kwako komwe.

Amene anawaphunzitsa ntchito anali kapitawo wina wandevu, munthu wadongosolo. Iye ankayambira poyambira, pa batani loyatsira, ndipo za kuzimitsa ankati adzafikako nthawi yake ikakwana. Nthawiyo inakwana yokha pa 9 Okutobala 1987, iye ali ku tiyi, pamene chigudumu chinagwira dzanja lamanzere la Mayi Nthunzi n'kudya nsonga za zala ziwiri. Akuluakulu a kuofesi anawapepesa, nawakumbutsa kuti anachita mwayi kuvulalira pamalo oyenera, popeza dokotala anali pamwamba pomwepa, kungokwera masitepe.

Choncho Mayi Nthunzi atapatsidwa ukapitawo pa 1 Julaye 1994, anatembenuza maphunziro onse chadodolido. Wobwera kumene sankaloledwa kuyatsa kanthu tsiku loyamba. Ankamuimika pa chigudumu n'kumuonetsa chitsulo chofiira cham'munsi chimene umachigunda ndi bondo kuti makina aime, chifukwa pa nthawi ya ngozi manja amakhala ali ndi zina. Iwo ankayendayenda ndi supuni yaikulu m'thumba la epuloni. Kulira kwa supuni pa paipi ndi kokhako kumene kunkaboola phokoso la m'chipindamo. Akamenya kamodzi ndiye kuti yang'ana kuno, akamenya kawiri ndiye kuti zimitsa. Wophunzira ankazimitsa tsiku lonse mpaka bondo lizichita lokha mutu usanaganize. Zina zonse zinkabwera chimodzichimodzi, ndipo chachiwiri sichinkabwera choyamba chisanachitidwe bwino katatu. Pa mpopi wa madzi otentha anamangapo kansanza kofiira, pa wa ozizira kabuluu, pa wa mankhwala koyera. Makina akamaliza kuchapa unkadziwira kumapazi, simenti ikasiya kunjenjemera.

Mwa njira imeneyi anaphunzitsa anthu 41 m'zaka 23, ndipo onsewo anali ndi zala zawo khumi. Koma poti zimenezi sizinalembedwe papepala lililonse, kuofesi ankadziwa bwino lomwe kuti kochapira kulibe maphunziro.

Mwa anthu 41 aja, amene Mayi Nthunzi ankamudalira anali Mayi a Mapasa. Mayiyu anabwera pa 4 Ogasiti 2003, mwamuna atamuthawa mapasa ali kumsana ndi kumanja. Sukulu anaisiya atangodziwa kulemba dzina lake, koma makina ankawadziwa ngati ana ake: ankatha kuika chikhato pachitseko cha makina achiwiri n'kunena kuti lamba aduka mawa, lamba n'kudukadi. Kwa zaka khumi ndi zinayi anali akadali “wongogwirizira”, chifukwa kuofesi sakonda kupupuluma. Mayi Nthunzi anali atatsimikiza mumtima kuti tsiku lodzapuma pantchito, supuni adzaisiya m'manja mwa ameneyu.

Pa 16 Januwale 2017 a Bwana oyang'anira antchito anatsika masitepe aja, koyamba chiyambire ntchito, naimira pa sitepe yomaliza kuteteza nsapato. Makina atazimitsidwa, analengeza kuti popeza Mayi Nthunzi apuma pantchito pa 30 Juni, chipatala chaitana katswiri wa zamaphunziro kuti alembe buku la malangizo. Aliyense aphunzira bukulo n'kulemba mayeso. Wokhoza alembedwa ntchito yokhazikika, wolephera kawiri aona msana wa njira.

“Nzeru zisamathere m'mutu mwa munthu m'modzi,” anatero a Bwana.

“Zili m'mitu 41, bwana,” anayankha Mayi Nthunzi.

“Ndikunena nzeru zolembedwa, mayi.”

Katswiri anayenera kubwera Lachiwiri pa 21 Febuluwale kudzachita zimene iye ankazitcha kufufuza zosowa. Dzulo lake kunabwera lamulo: chipinda chikolopedwe, nsanza zonse za pamipopi zichotsedwe poti n'zochititsa manyazi, supuni ibwerere kukhitchini, ndipo makina onse azimitsidwe 9 koloko kuti mlendo asavutike ndi phokoso.

“Nanga akaona chiyani makina atazima?” anafunsa Mayi Nthunzi.

“Akaona ukhondo,” anatero a Bwana.

Supuni yokha sinapite kukhitchini. Inagona m'jombo.

Katswiriyo anali bambo waulemu, wamagalasi, watayi yamadontho, ndipo anapatsa moni aliyense ndi manja awiri. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anapeza chipinda chouma, chowala, chachete ngati m'tchalitchi pakati pa sabata. Anawerenga manambala pa mageji onse, timawotchi toonetsa kutentha kwa makina, mosavuta, poti panalibe nthunzi yowaphimba. Pakhoma anaona kabatani, nakadina, ndipo belu linalira mokoma. Mayi a Mapasa anadumpha n'kugwira pamtima. Zaka khumi ndi zinayi sanadziwe kuti m'chipindamo muli belu.

“Belu limeneli limakuthandizani kudziwa kuti makina amaliza?” anafunsa Katswiri.

“Kwambiri,” anayankha a Bwana.

“Nanga mukafuna kuchenjezana?”

“Amangolankhulana. Ndi anthu ogwirizana zedi.”

Apa Mayi Nthunzi anapita patsogolo pang'ono. “Bambo, mudzabwerenso tsiku lina makina akulira.”

“Mayi athuwa ndi okonda nthabwala,” anatero a Bwana akuseka, namugwira mlendo pamkono kupita naye ku tiyi. Kufufuza zosowa kunatenga mphindi makumi anayi.

Buku linafika pa 10 Epulo, la masamba 84, chikuto chonyezimira. Kunena zoona linali lokongola. Linayamba ndi mawu a a Bwana ndi chithunzi chawo, kenaka mbiri ya kuchapa kuyambira makedzana, zolinga zazikulu zisanu ndi zolinga zazing'ono khumi ndi ziwiri, ndi mabokosi olumikizana ndi mivi. Mutu uliwonse unkatha ndi funso loti “Kodi mwaphunzirapo chiyani?” ndi mizere itatu yolembapo, poganizira kuti munthu wa manja a sopo amayenda ndi cholembera. Tsamba 23 linkafotokoza kagwiritsidwe ntchito ka chigudumu: werengani geji, uzani mnzanu momveka bwino kuti “Ndakonzeka”, dikirani akuyankheni, ikani nsalu. Mayi Nthunzi anafufuza za kuzimitsa, nazipeza pa tsamba 71, kuseri kwa mutu wa kasungidwe ka majombo.

Maphunziro anachitika pa 18 ndi 19 Meyi m'chipinda cha misonkhano, pamwamba, pakapeti. Panali pulojekita, mabisiketi ndi mabotolo a madzi. Anthu anagawidwa m'magulu kukambirana tanthauzo la ukhondo, najambula mtengo wa mavuto, mizu ndi nthambi zake, pachipepala chachikulu. Anaponyerana mpira kuti adziwane maina, anthu oti agwira ntchito limodzi zaka khumi. Masiku awiri onsewo palibe amene anakhudza makina, ndipo pomaliza aliyense anachonga kankhope kosekerera kusonyeza kuti wakhutira.

Mayeso anali pa 25 Meyi. Kwa osatha kuwerenga, a kalaliki ankawerenga mafunso mokweza n'kulemba mayankho, kuti pasakhale wodandaula.

“Belu likalira muchite chiyani?”

“Ndiye kuti makina azima, kwabwera alendo,” anayankha Mayi a Mapasa.

“Mungadziwe bwanji kuti madzi atentha mokwanira?”

“Ndimagwira chitseko ndi kuseri kwa dzanja.”

“Apa akufuna nambala, mayi.”

“Nambalayo simaoneka, achimwene. Imakhala mu nthunzi.”

“Tchulani zolinga zazikulu zisanu.”

“Kuti nsalu ziyere, ndipo munthu abwerere kwawo ndi zala zake.”

“Zimenezo ndi ziwiri, ndipo m'buku mulibe.”

Anapeza 11 pa 40. Mnzake wina amene anali atangotha miyezi inayi pantchito, yemwe ankasokonezabe mpopi wa mankhwala ndi wa madzi chichotsereni nsanza zija, anapeza 36. Mayeso obwereza, omwenso anali omaliza, anaikidwa pa 15 Juni.

Lamulungu pa 4 Juni masana, Mayi Nthunzi anaitanira Mayi a Mapasa kunyumba kwawo kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, amuloweze zolinga zija. Anakhala pakhonde, buku pampando. Bambo a kunyumba, dalaivala wopuma, anakhala chapatali akusoka nsapato, makutu ali konkuno. Patatha maola awiri Mayi a Mapasa ankatha kutchula zolinga zitatu, koma akafika pa chachinayi choyamba chinkathawa.

“Mayi, ingondisiyani,” anatero akupukuta maso ndi nsonga ya mpango. “Mutu wangawu ndi wa sopo. Ndikagulitsa tomato.”

“Tomato wake uti? Ndiye makina achiwiri aja adzawamvera ndani? Khala pansi.”

Mwana wawo anatseka buku. “Amayi, ine ndaliwerenga lonse. Bukuli lalembedwa bwino, zonse zimene amatiphunzitsa ku koleji zilimo. Koma alembera chipinda china. Muli chipinda chouma umu, chopanda phokoso. Kodi munthuyu anafikako kwanu kuja?”

“Anafika. Tinamukonzera.”

“Ndiye mwadziphika nokha,” anatero bambo a kunyumba osadzutsa mutu. “Ine amene anandiphunzitsa galimoto anandionetsa buleki ndisanaone giya. Koma nanga iye akanaiona galimotoyo ili pamiyala, yopanda matayala, bwenzi atayamba ndi wailesi.”

“Inu sokani nsapato.”

“Ndikusoka, amayi mwana. Ndangoti munthu sulumidwa ndi galu wojambula.”

Mayi Nthunzi anayang'ana zala zawo ziwiri zija kwa kanthawi, kenaka anauza Mayi a Mapasa kuti asiye kuloweza, azipita akaone ana.

Lachiwiri pa 6 Juni Mayi Nthunzi anakwera masitepe, navula majombo pakhomo la ofesi, nalowa akuwerama ngati munthu wodzapempha mchere.

“Bwana, ine sukulu yanga ndi yakale. Tsamba 23 likundizunguza mutu. Mwina a Katswiri, tsiku la mayeso lija, atayamba atsika n'kutionetsa okha mmene zimachitikira, ifenso mbuli tingatolepo kanthu.”

A Bwana anakondwa kwabasi. Anati uwu ndiye mtima wofuna kuphunzira umene akhala akuulalikira, ndipo anaimba foni pomwepo. Katswiri anavomera msanga.

Lachinayi pa 15 Juni, 8 koloko m'mawa, mesenjala anatsika ndi uthenga woti makina azimitsidwe monga kale. Uthengawo unafikira ku khutu lamanzere la Mayi Nthunzi, limene linapuma pantchito mu 2004. Iwo anagwedeza mutu mwaulemu, mesenjala n'kubwerera. Lachinayi ndi tsiku la nsalu za kumawodi onse, choncho pofika 9 koloko makina onse asanu ndi chigudumu anali pakalapakala.

Alendo atatsika, a Bwana anayamba kukupiza manja, pakamwa pakutseguka ndi kutsekeka ngati nsomba. Mayi Nthunzi anawaweyulira nawonso mwansangala. Katswiri, poti anali munthu wosabwerera m'mbuyo, analowa ndithu. Magalasi ake anachita chifunga nthawi yomweyo. Anawapukuta ndi tayi, nawavala, nachitanso chifunga. Anatsegula buku pa tsamba 23, koma masamba anali atayamba kale kumatana. Anayandikira geji mpaka mphuno kugunda galasi, osaona nambala. Kenaka anaima kutsogolo kwa chigudumu, buku m'khwapa, nagwira ngodya ya nsalu. Ngodya inayo inali m'manja mwa Mayi a Mapasa.

“Ndakonzeka!” anakuwa Katswiri, monga mwa malangizo. Zinaoneka ndi mitsempha ya pakhosi pokha.

Anadikira yankho. Anakuwanso. Poona kuti mnzakeyo akungomuyang'ana, anawerama kuti amuyandikire, ndipo buku linapulumuka m'khwapa n'kugwera pansalu. Chigudumu sichisankha, chinalandira nsalu ndi buku lomwe. Iye anawerama kwambiri kuti alilanditse, tayi yamadontho ija n'kugona pansalu, n'kuyamba ulendo womwewo.

Supuni inali kale m'manja mwa Mayi Nthunzi, koma isanafike pa paipi kachiwiri, bondo la Mayi a Mapasa linali litagunda chitsulo chofiira. Chigudumu chinaima chibwano cha Katswiri chitatsala pang'ono kupsompsona chitsulo chamoto. Mayi a Mapasa anatulutsa sizasi m'thumba, nadula tayi pafupi ndi mfundo, namukankhira bamboyo kumbuyo ngati mwana wosewera pamoto. A Bwana nthawi yonseyi anali pakhoma, akudina belu.

Makina onse atazimitsidwa, Katswiri anakhala pandowa yovundikira, kachidutswa ka tayi kali pakhosi. Atabweza chigudumu, buku linatuluka litasitidwa bwino lomwe, lopyapyala, masamba onse 84 atagwirizana kukhala limodzi.

“Pozimitsira paja ndi pati?” anafunsa ndi mawu otsika.

“Pa tsamba 71, bambo,” anatero Mayi Nthunzi.

Bamboyo anawayang'ana, kenaka anayang'ana dzanja lawo lamanzere, limene pa ulendo woyamba uja sanalione.

“Mayi, bwanji simunandiuze kuti muno mumakhala chonchi?”

“Ndinakuuzani pa 21 Febuluwale, 10 koloko isanakwane. Zinapezeka kuti ndi nthabwala.”

A Bwana anayamba kufotokoza kuti pachitika kusamvera malamulo ndipo pakhala kafukufuku. Katswiri anawadula. Anati mayeso a tsikulo sachitika, chifukwa iye sangayese anthu pa buku limene latsala pang'ono kumudula khosi mwini wake. Pamenepa tiyenera kumupatsa ulemu wake: akatswiri ambiri akanalemba kuti chipindacho n'cholakwika ndipo buku n'lolondola.

Anabweranso pa 19, 20 ndi 21 Juni, wopanda tayi, atavala majombo obwereka, thonje m'makutu. Tsiku loyamba Mayi Nthunzi anamuimika pa chigudumu, ndipo anagunda chitsulo chofiira ndi bondo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, monga wina aliyense. Madzulo ake ankatsimphina. Masiku awiri otsalawo ankangoyang'ana, n'kumatuluka panja kukalemba, poti mkatimo pepala silikhala. Pa nthawi ya tiyi ankafunsa mafunso, ndipo tsopano ankadikira kuti ayankhe ndi amene wafunsidwayo.

“Nsanzazi bwanji osaika zikwangwani zolembedwa?”

“Chikwangwani umachiwerenga, bambo,” anatero Mayi a Mapasa. “Nsanza umaiona ndi kona ya diso, ndipo ukaigwira umaidziwa. Yofiirayo ili ndi mfundo ziwiri.”

Analemba zimenezo.

M'malo mwa masamba 84 munatuluka malata anayi opentedwa, okhomedwa pakhoma, lililonse pafupi ndi makina ake, zithunzi zikuluzikulu ndi mawu osapitirira asanu. Lata loyamba, loyang'anizana ndi masitepe, linali ndi bondo ndi chitsulo chofiira. Nsanza zinabwerera pamipopi, koma tsopano zinali zosokedwa m'mbali ndipo zinkatchedwa zizindikiro zamitundu.

Mayeso anachitika Lachiwiri pa 27 Juni, makina akulira. Panalibe cholembera. Aliyense ankapatsidwa mtolo wa nsalu kuti auchape, auwumitse, ausite, ndipo penapake mosayembekezera supuni inkalira kawiri. Wa 36 uja anayamba wayang'ana uku ndi uku kufuna womuuza chochita, choncho anapatsidwa sabata ina ya bondo. Mayi a Mapasa anamaliza mtolo wake, naima pa makina achiwiri, naika chikhato pachitseko, nakodola Katswiri kuti alembe kuti lamba watsala masiku awiri. Lamba anaduka pa 29 Juni, tsiku lomwe kalata ya Mayi a Mapasa ya ntchito yokhazikika ndi ya ukapitawo inatsika masitepe. Anaipinda kanayi osaiwerenga, nailowetsa m'jumbo ya pulasitiki kuti isanyowe, kuti mapasa akamuwerengere kunyumba.

Lipoti la chipatala la chaka chimenecho linayamikira a Bwana chifukwa cha masomphenya awo pobweretsa njira yamakono yophunzitsira pogwiritsa ntchito zithunzi, mitundu ndi kuchita. Katswiri anaumirira kuti dzina la Mayi Nthunzi lilembedwe, ndipo linalembedwadi, pa tsamba lomaliza, pakati pa wopenta malata ndi amene anabweretsa mabisiketi.

Mwambo wotsanzikana unachitika Lachisanu pa 30 Juni m'chipinda cha kapeti chija. A Bwana analankhula mphindi makumi atatu za kufunika komvetsera antchito apansi, kenaka anapereka mphatso yoganiziridwa bwino kwa mayi amene makina anamugonthetsa khutu: wailesi. Mayi Nthunzi anailandira ndi manja awiri, nati bambo a kunyumba akondwa.

Anthu akudya mabisiketi, iwo anatsika masitepe komaliza. Makina anali akulira, ndipo pa chigudumu panali mayi wina watsopano, wobwera dzulo lake, ataimikidwa pa chitsulo chofiira, maso ali mwazumwazu. Mayi Nthunzi anatulutsa supuni m'thumba la epuloni, naipukuta, naipereka kwa Mayi a Mapasa. Iye anaiyang'ana uku ndi uku, nailoza m'mwamba ngati akufunsa ngati ya kukhitchini ija ibwezedwe. Mayi Nthunzi anapukusa mutu. Mayi a Mapasa anatembenuka, namenya paipi kawiri, ndipo bondo la watsopano uja linachedwa pang'ono. Anayatsanso chigudumu kuti abwereze.